Lipoti la msonkhano wa ku Zomba wokhudza manambala osocheretsa

A Tcheyamani, amayi ndi abambo a m'kalabu yathu yomvera wailesi, ndabwerako ku Zomba kumene munandituma, ndipo ndikuthokoza chifukwa cha ndalama yoyendera ija. Msonkhanowu unali wa masiku awiri, pa nkhani ya momwe munthu angatisocheretsere ndi manambala popanda kunama ngakhale kamodzi.

Tinakhalitsa pa nkhani ya peresenti. Mukukumbuka mu Novembala 2023, pomwe tonse tinamva kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti? Dola inachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700. Mukawerengera mmene dola inakwerera, ndi 44 peresenti ndithu. Koma mukafunsa kuti kwachayo yataya mphamvu yochuluka bwanji, mupeza pafupifupi 30 peresenti. Manambala onsewa ndi oona, wolankhula amangosankha imene ikumukomera. Ine ndinachita kuwerengera ndekha papepala ndisanavomereze.

Nkhani imene inandikhudza mtima ndi ya ku Britain mu 1995. Akuluakulu oona za mankhwala analengeza kuti mapiritsi ena olerera akuwonjezera kawiri chiopsezo choti magazi aundane m'mitsempha. Amayi ambiri anachita mantha n'kusiya kumwa, ndipo mimba zosakonzekera zinachuluka. Chonsecho "kawiri" ameneyu anali kuchoka pa mayi 1 kufika pa amayi 2 mwa amayi pafupifupi 7,000. Akanauzidwa choncho, ambiri akanayamba akambirana ndi adokotala. Ndinaganizira amayi athu kusikelo, mmene mphekesera ya kulera imathamangira pamzere.

Za avereji tinangodutsa. Alimi khumi, mmodzi atakolola matumba 100 ndipo enawo matumba 5 aliyense, lipoti lidzati mlimi aliyense wapeza matumba oposa 14, pomwe asanu ndi anayi akugona ndi njala pofika Januwale.

Panali mtsutso pa mawu oti "kukwera mitengo kwa zinthu kwatsika". Ena ankati amenewa ndi mabodza a andale basi. Ine sindinagwirizane nawo kwenikweni. Nambala yomwe a ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya National Statistical Office amatulutsa imanena liwiro limene mitengo ikukwerera, ndiye ikatsika, shuga akukwerabe, koma pang'onopang'ono. Vuto ndi munthu amene akudziwa zimenezi koma n'kutisiya tikuganiza kuti kumsika zatchipa. Komabe boma likhoza kupotoza manambala: Argentina inadzudzulidwa ndi bungwe loona za chuma padziko lonse la IMF mu 2013 chifukwa cha manambala ake a kukwera kwa mitengo.

Pempho langa ndi lakuti tikamamvera pulogalamu, nambala iliyonse ikatchulidwa tiziima kaye n'kufunsa kuti yachokera pa chiyani, ndipo anawerenga anthu angati. Tiyambire kwathu konkuno: chiwongoladzanja cha 20 peresenti cha ku banki m'khonde, tiziuzana poyera kuti ndi cha pamwezi. Mapepala amene tinalandira ndawasiya kwa alembi, ndipo ngati mungandipatse mphindi 30 pamsonkhano ukubwerawu, tiwerengere limodzi nkhani ya dola ija pabolodi.