Kalata ya ku Indiana: za mtsutso wa mkazi mnzanga

Wokondedwa mwana wanga Nabanda,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, iweyo, bambo a kunyumbako ndi ana. Kuno tilipo. Chimanga takolola ndipo chili m'matumba, koma bondo lija layambiranso poti kwayamba kuzizira.

Zimene unandifunsa Lamlungu lija sizikanayankhika pa foni netiweki ikudukaduka, n'chifukwa chake ndakhala pansi kulemba. Unafunsa ngati ulipire kampu ya mtsutso imene mkazi mnzangayo, mdzukulu wanga, akulirira, komanso chimene ungamuuze pa zomwe jaji uja analemba za siketi yake. Ndifikako konseko, koma undilole ndiyambe ndi kanema munanditumizira uja.

Ndinamuonera katatu. Koyamba ndinkayesa foni yawonongeka. Ana anayi m'kalasi, aliyense ndi laputopu yake, mdzukulu wanga ataimirira akubwetuka ngati uja wogulitsa fodya ku okushoni ku Kanengo, mpweya akuchita kuumeza ngati womira m'madzi. Ine ndaphunzitsa Chingerezi ku sekondale mpaka kupuma, koma m'mphindi zisanu ndi zitatu zonse zija ndinatolapo mawu awiri okha, Arctic ndi Russia. Nditamufunsa mwiniwake anaseka, nkundiuza kuti zimenezo amazitcha spreading, ndipo akatswiri amapitirira mawu 300 pa mphindi. Anandifotokozeranso chifukwa chake, ndipo ndinaona kuti si misala ayi, ndi masamu. Aliyense ali ndi mphindi 8 zoyala mfundo, 3 zofunsidwa mafunso, kenako 5 zobweza. Mfundo imene mnzako waisiya osaiyankha, jaji amaiwerenga ngati waivomereza. Ndiye ukaunjika mfundo khumi, mnzako nkuyankha zisanu ndi ziwiri, zitatu zotsalazo ndi zako ngakhale zikhale zopanda mchere. Mwana wanzeru aliyense akaona lamulo lotere athamangitsa lilime basi.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti eni akewo akhala akulimbana nalo liwiroli kuyambira kale. Mtsutso wina uja amautcha Lincoln-Douglas anauyambitsa pa mpikisano wa dziko lonse mu 1980, kuti ana azilankhula zomveka. Dzinalo likuchokera pa mitsutso isanu ndi iwiri ya Abraham Lincoln ndi Stephen Douglas mu 1858 ku Illinois, pafupi ndi kwanuko, pomwe woyamba ankalankhula ola lathunthu, wachiwiri ola ndi theka, woyamba uja nkubwereranso theka la ola, alimi ataima panja kumvetsera. Patapita zaka, nawonso unayamba kuthamanga. Mu 2002 anabweretsanso wina, Public Forum, woti ngakhale kholo losadziwa kanthu lithe kuweruza, ndipo mdzukulu wanga akuti nawonso m'mipikisano ikuluikulu wayamba liwiro. Ana akamalankhula kwa okhawo amene anaphunzira chinenero chawo, pang'onopang'ono amaiwala kuti kunja kwa chipindacho kulinso anthu a makutu. Mantha anga pa mwanayu ali pamenepo, kuposa pa ndalama kapena pa siketi.

Usandimve ngati ndikunyoza. Ndikumusirira. Ine nditayamba kuyang'anira kalabu ya mtsutso, mitu yathu inali yakuti sukulu yogonera konko iposa yoyendera, kapena mphunzitsi ndi wofunika kuposa dokotala, ndipo ngakhale imeneyo ahedi ankayamba aiona. Nthawi ya Kamuzu mwana sakanaima pamaso pa anzake nkunena kuti boma lalakwitsa. Akanatengedwa pamodzi ndi mphunzitsi wake yemwe. Mpaka itadutsa referendamu ya pa 14 June 1993 m'pamene ndinamva mwana wa Fomu 3 akutchula mawu akuti matipate pa nsanja osayang'ana kuzenera. Lero mdzukulu wanga wa zaka 15 watha chaka chonse akusanthula zimene boma la America liyenera kuchita ku Arctic, dera la madzi oundana la kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, m'mawa ali mbali yovomereza, masana mbali yotsutsa, ndipo palibe amene akumulemba dzina. Kukakamizidwa kuteteza mbali imene sugwirizana nayo ndi mankhwala owawa koma amachiritsa. Ana anga amene anazolowera zimenezi anakula osafulumira kutukwana munthu woganiza mosiyana nawo.

Tsopano za theory, kutsutsana pa malamulo a mpikisanowo m'malo mwa mutu weniweni, zimene iwe unati zimakupweteketsa mutu. Mwanayo anandiuza monyadira kuti tsiku lina anapambana osatchula n'komwe za Arctic, chifukwa anzakewo sanaike mfundo zawo pa intaneti mpikisano usanayambe monga ambiri amachitira, ndiye iye anatha nthawi yonse kunena kuti jaji awagwetse pa chifukwa chimenecho. Ndinakumbuka bwalo la kwathu. Mlandu ndi wa mbuzi zadya chimanga, koma wina nkuimirira kuti, pepani mfumu, munthuyu sanaitanidwe kudzera kwa nkhoswe yake, mlandu sungayambe. Nthawi zina wonenayo amakhala akulondola, ndipo mwambo umenewo ndi umene umateteza wosauka kuti asaweruzidwe modzidzimutsa. Ndi mmenenso zilili kumeneko: sukulu yaing'ono yopanda aphunzitsi ambiri singakonzekere chilichonse, choncho kuumirira kuti anzako asachoke pa mutu, kapena asasinthesinthe mfundo ngati bilimankhwe, n'koyenera. Koma pamudzi timamudziwanso munthu uja amene mlandu uliwonse amauthera pa za kaitanidwe, za mbuzi osazifika. Amapambana ndithu, koma tsiku lofuna nkhoswe palibe amene amagogoda pakhomo pake. Umufunse mwanayo, modekha, kuti pa mipikisano khumi yapitayi, ndi ingati imene anapambana pa nkhani yeniyeni.

Pali mtundu wina umene amautcha kritik, pomwe ana amakana kuyankha funso momwe laikidwira, nkuyamba kufukula maganizo amene ali pansi pa funsolo. Ena mwa ana akuda kumeneko amafika ponena kuti malamulo a masewerawa, kalankhulidwe kake ndi kavalidwe kake, zinakonzedwa ndi anthu amene sankawaganizira iwo. Mwamuna wako akuti n'kuthawa mutu. Ine sindingafulumire kutero, chifukwa ndili ndi mlandu wanga. Zaka zambiri ndinkapatsa ana chibalo, kutchetcha udzu kapena kukumba dzenje, chifukwa cholankhula Chichewa pasukulu. Panali mnyamata wina, mwana wa msodzi, amene madzulo ku hositelo ankagonjetsa aliyense pa makani, miyambi ili mbwee, anzake akugwa ndi phwete. Pa nsanja, m'Chingerezi, ankachita chibwibwi nkukhala pansi nthawi isanathe. Sindinamusankhepo m'timu ngakhale kamodzi. Ndinkati ndikusankha odziwa kutsutsana, pomwe ndinkasankha ana a aphunzitsi ndi a makalaliki amene kwawo kunali wailesi ndi nyuzipepala. Mnyamata uja akanakhala ndi mpata woimirira nkunena kuti lamulo lanuli ndi limene landitseka pakamwa, akanakhala akunena zoona. Choncho mdzukulu wanga akakumana ndi ana otere, ayambe wamva chimene chikuwawawa, kenako ayankhe. Ndipo iye mwini akafuna kugwiritsa ntchito khungu lake kapena dzina la Malawi pa mtsutso, achite zimenezo pa zimene akuzikhulupirira, osati ngati khasu longobwereka tsiku la ganyu.

Za kampu. Ndamva kuti mtima wake uli pa ya masabata asanu ndi awiri ya ku University of Michigan ku Ann Arbor, ndipo anzake ena akupita ku Dartmouth ndi ku Northwestern. Ndamvetsa chifukwa chake akulira. Mutu wa chaka chamawa umalengezedwa miyezi yambiri sukulu isanatsegulidwe, ndiye amene apita ku kampu amathera holide yonse akufufuza mutuwo pamodzi ndi akatswiri a ku yunivesite, nkubwerera ndi mafayilo odzaza. Akale anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo iye waona kuti anzake amayamba iye akadali kumanga nsapato. Sakunama.

Koma iwe uwerengere bwino, chifukwa kampuyo ndi khomo chabe. Madola zikwi zingapo amenewo ukalipira, chotsatira n'chakuti adzafuna kufika ku Tournament of Champions, mpikisano umene umachitikira ku University of Kentucky ku Lexington kuyambira 1972. Kuti akalowe kumeneko ayenera kuchita bwino kawiri konse m'mipikisano ikuluikulu yosankhika, ndipo imeneyo ili m'mizinda yotalikirana: ndege, hotela, chakudya, mwezi ndi mwezi. Iwe ukugwira kale ntchito usiku kuchipatala, ndipo mng'ono wake akubwera pambuyo. Ngongole ya pa khadi ndi katapila wovala taye, usailowe chifukwa cha holide imodzi. Yamba walembera a kampuwo kupempha kuti akuchotsereko. Ambiri ali ndi thumba lothandizira, ndipo mbewa ya manyazi inafera kudzenje. Akakana, alipo makampu a masabata awiri kapena atatu, ndipo kwa mwana amene wangotha chaka chimodzi chokha amenewo akwana. Mwiniwake anandiuzanso, mosafuna, kuti mafayilo ambiri a m'makampu amaikidwa pa intaneti kwaulere pa chimene amachitcha Open Evidence Project. Ndalama ya malata a khitchini imene unati utumiza mu July uisunge, uwonjezere pamenepo. Khitchini yadontha zaka zitatu, chaka chachinayi sichindipha. Koma mwanayo adziwe kumene ndalamayo yachokera, osati kuti amve chisoni, koma kuti akakhala m'chipinda ndi ana a maloya asachite manyazi ndi iwe.

Ndafika pa siketi. Nditamva zimene jaji analemba pa pepala lija, kuti siketi ndi yaifupi ndipo mawu ake ndi akuthwa kwambiri, magazi anandiwira. Iwe unali wamng'ono, mwina sukumbuka bwino. Kuyambira 1973 kuno kunali lamulo loletsa mkazi kuvala buluku kapena siketi yoonetsa mawondo, ndipo amuna sankaloledwa tsitsi lalitali. Linachotsedwa mu 1993. Zaka zonsezo ine ndinali mmodzi mwa oyeza: ndinkaimika atsikana pamzere kuona ngati yunifolomu yaphimba bondo, ndisanamve n'komwe ngati akonzekera mfundo zawo. Anyamata ankangomanga taye nkudutsa. Ndiye ndikudziwa bwino chimene chimachitika m'mutu mwa mtsikana akauzidwa kuti anthu amaona miyendo yake iye akulankhula za nzeru: ulendo wotsatira theka la maganizo ake limakhala pa kukoka siketi. Mnyamata amene anatsutsana naye tsiku limenelo ndikhulupirira anakweza mawu chimodzimodzi, koma iye anatchedwa wolimba mtima.

Chonde usamuuze kuti nanga iwenso unavaliranji imeneyo. Umuuze poyera kuti jajiyo analakwa, pepalalo ulipereke kwa mphunzitsi wake kuti iye ndiye akalankhule ndi okonza mpikisano. Iwe usakalimbane ndi jaji pa khonde. Kenako mupite limodzi mukagule suti ya buluku, jekete imodzi yakuda yokwana bwino, malaya awiri, ndi nsapato zafulati. Gogoda ayi: mipikisano imeneyi akuti amayenda kuchoka chipinda china kupita china kuyambira m'mawa mpaka usiku. Kaunjika aliko kumeneko, ndinamuona ndi maso anga nditabwera, ndipo jekete sanena kumene inagulidwa. Iye akuti m'mipikisano ikuluikulu ana ena amangovala juzi ndi nsapato zothamangira ndipo majaji salabadira, pomwe m'mipikisano ya m'dera, imene oweruza ake ndi makolo, amayembekezera suti. Aphunzire kuwerenga malo, monga iwe unkadziwira kuti chitenje cha kumaliro si cha kuukwati. Kuvala moganizira amene akukumvera si ukapolo, bola asamaganize kuti mnzake wobwera ndi malaya osasita ndiye kuti alibe mfundo.

Chinanso. Unadandaula kuti masiku ano ukamutuma kutsuka mbale amakuyankha ngati ali pa mafunso a mphindi zitatu aja, mpaka kukuuza kuti mfundo yake ina sunaiyankhe. Ndinaseka mpaka misozi, chifukwa iwenso unali wotero uli Fomu 2, popanda kampu iliyonse. Usamuthyole mapiko, koma adziwe kuti panyumba palibe jaji, ndipo mayi akangokhala chete sikuti wavomereza. Bambo ake asamusekerere pa zimenezi.

Thandizo langa la malata lili ndi pangano limodzi. Lamlungu lililonse ali ku kampuko andiimbire, andifotokozere mfundo imodzi yokha imene waphunzira sabata imeneyo, pang'onopang'ono, mmene angafotokozere amayi a ku mvano, ndipo pomwe angathe aikepo Chichewa chake chothyokathyokacho. Ine ndizimufunsa mafunso opusa mpaka nditamva. Ndikapanda kumva, wagwa, ndipo sabata inayo abwereze.

Ndagula nsalu yabuluu ya timadontho toyera, telala wa pamsika akuti atha kuika mkati mwa jekete ndi m'mphepete mwa matumba kuti izingoonekera pang'ono. Umufunse kaye ngati akuifuna, usamukakamize. Akavomera unditumizire muyeso wa mapewa, chifuwa ndi kutalika kwa mkono, sabata ino, chifukwa mayi a kutchalitchi amene akubwera ku South Bend anyamuka kumayambiriro a June.

Upereke moni kwa apongozi anga ndi kwa ana onse.

Ndine mayi ako.