Mphindi ziwiri zoyamba zikhale za wodwala

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi anzathu a m'zipatala ndi m'makliniki a kuno Kum'mawa kwa Zambia, komanso achibale operekeza odwala maganizo. Lamulo la Mental Health Act la 2019 linalowa m'malo mwa la nthawi ya atsamunda, ndipo limati wodwala ali ndi ufulu wotengako mbali pa chithandizo chake. Atengako bwanji mbali ngati sanalankhule? Wodwala akafika kuchokera ku Chadiza kapena ku Vubwi, kawirikawiri amene amafotokoza zonse ndi amalume, mwiniwake atazolika. Mankhwala amalembedwa iye asanatsegule pakamwa.

Mpatseni moni pomutchula dzina mwaulemu. Ngati wabwera womangidwa zingwe koma wadekha, mmasuleni. Khalani pampando wofanana msinkhu ndi wake, chitseko chisatsekerezedwe kwa inu kapena kwa iye, foni ilowe m'thumba, cholembera chigone patebulo. Funsani funso limodzi: “Bambo, chikukusautsani nchiyani?” Mukatero khalani chete mphindi ziwiri. Kafukufuku wa ku America wa 1984 anapeza kuti madokotala ankadula odwala mawu patangopita masekondi pafupifupi 18, chonsecho odwala ambiri akasiyidwa amamaliza mphindi ziwiri zisanakwane. Akaima, werengani chamumtima mpaka khumi. Munthu wovutika maganizo kwambiri amachedwa kusonkhanitsa mawu, ndipo mukamuthamangitsa angoti “ndili bwino”.

Anthu athu amati “mutu ukutentha”, “mtima ukuthamanga”, “ndikuganiza kwambiri”. Womvetsera mwachangu amapereka Panadol nkuitana wina. Bwerezani mawu akewo: “Mwati mukuganiza kwambiri. Maganizowo amabwera nthawi yanji, ndipo amakhala a chiyani?” Pamenepo mpamene mumamva za ngongole ya feteleza, za maliro, za mwamuna womenya. Akanena kuti analodzedwa kapena akumva mawu, musamuseke, musavomerezenso. Mukamutsutsa atseka pakamwa, mukavomereza mwakulitsa mantha. Nenani chimene mukuona, kuti zikumuopsa, ndipo mufunse kuti mawuwo akumuuza chiyani. Mawu olamula kuti adzivulaze kapena avulaze wina amasintha chithandizo chonse tsiku lomwelo.

Achibale amvedwe ndithu, amadziwa zambiri, koma atuluke kaye mphindi zisanu. Mkazi sangaulule nkhanza pamaso pa apongozi ake, mnyamata sangatchule chamba bambo ake ali pomwepo. Muli awiri, funsani mosabisa: “Kodi munaganizapo zodzipha? Munakonza njira?” Kufunsa sikuika maganizowo mwa munthu, ambiri amapepukidwa mtima. Kuno kwathu kolima thonje ndi fodya, funsaninso ngati m'nyumba muli mankhwala opopera. Ngati alimo, achibale akawatsekere kwina, ndipo wodwalayo asasiyidwe yekha.

Chimatipweteka kwambiri ndi dzina loti “wosamvera” limene limapatsidwa kwa amene wasiya mankhwala. Mankhwala a matenda a maganizo monga haloperidol ndi chlorpromazine amatha kuumitsa khosi ndi minofu, kunjenjemeretsa manja, kuchucha dovu, kugonetsa masana ndi kufooketsa munthu m'banja. Mlimi amene manja auma sangagwire khasu, ndiye amasiya mwakachetechete. Mukafunsa kuti “Mukumwa mankhwala?” ayankha “inde” chifukwa cha ulemu. Funsani kuti “Mankhwalawa akukuchitani chiyani m'thupi, ndipo sabata ino mwadumpha masiku angati?” Zambiri mwa izi zimatheka kukonza: kuchepetsa mlingo, kuwonjezera benzhexol (ambiri amati Artane) wochepetsa kuuma ndi kunjenjemera, kusunthira mapiritsi ogonetsa usiku. Amitriptyline ndi fluoxetine, mankhwala a munthu wovutika maganizo kwambiri, amatenga masabata awiri mpaka anayi asanayambe kuthandiza, ndipo amene sanauzidwe amataya mapiritsi sabata yoyamba. Asanatuluke, abwereze ndi mawu ake momwe adzamwera.

Kumvetsera kumapulumutsanso amene vuto lake lili m'thupi. Munthu amene wasokonezeka mwadzidzidzi m'tsiku limodzi kapena awiri, sakudziwa kumene ali, akusinzasinza kapena thupi latentha, ayezedwe malungo, shuga ndi HIV, afunsidwe za khunyu ndi tsiku lomwe anasiya kachasu. Ameneyo safunika kalata yopita ku Chainama, chipatala cha matenda a maganizo cha ku Lusaka, afunika bedi ku wodi lero lomwe.

Tikudziwa kuti mzere umakhala wautali ndipo nesi ndi mmodzi. Koma wodwala amene sanamvedwe amabweranso patapita miyezi, atadwalika, banja litawononga ndalama ya galimoto ndi ya asing'anga. Tikupempha akuluakulu a zaumoyo m'maboma a Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi kuti kliniki iliyonse ikhale ndi kachipinda kotseka ka mipando itatu, komanso kuti wodwala akabweranso azionedwa ndi munthu yemweyo amene anamuona poyamba.

Ogwira ntchito ya matenda a maganizo,
Chipata