Kalata kwa mwana wanga wa ku Indiana

Mwananga,

Kuno tilipo, maondo okhawa ndi amene akundivuta. Ndakulembera chifukwa pa foni umandizemba, ndikangoti ndiyambe nkhani umati uli pa msewu. Ndamva kuti Loweruka ukamapita kukaponyera ana mpira wa softball uja, umene amamenya ndi ndodo, m'kapu yachitsulo imene umanyamula simukhala khofi. Usavutike kufufuza amene wandiuza, ndipo usakakalipire mpongozi wanga, si iyeyo.

Utandiuza kuti akusankha kukhala kochi wa timu ya mdzukulu wanga ndinakondwa, mpaka ndinakauza amayi a mvano, ngakhale masewerawo sawadziwa. Ine ndiye ndimawadziwa, poti mwana yemweyo anandikhazika pa benchi chaka chatha n'kundiphunzitsa, chipewa chikumugwera m'maso. Ana a zaka 7 ndi 8 dzanja lawo silinakhwime, ndiye woponya amakhala kochi, ndipo amaponyera ana a timu yake yomwe, dzanja likuchokera m'munsi. Mwana aliyense ali ndi mipira yowerengeka, kwanuko ndinaona kuti ndi 5. Ikatha asanamenye, watuluka. Kwa akuluakulu, woponya akaphonya kanayi womenya amapita ulere pa base yoyamba, malo oyamba amene amathamangirako akamenya, koma kwa ana awa zimenezo kulibe. Kodi ukumva zimene ndikunenazi? Iweyo ukaponya mokhota, amene amabwerera ku benchi akukwekwereza ndodo yake ndi mwana wa eni. Woweruza salemba kuti kochi anali atalawa. Amangokweza dzanja, mwana watuluka, ndipo mwanayo amapita kunyumba akuganiza kuti wolephera ndi iye.

Ndinakuona mmene unkachitira ndi kamtsikana kaja kamene kankaopa mpira. Unasendera pafupi, n'kuwerama, n'kuponya pang'onopang'ono kulunjika pomwe ndodo yake imadutsa. Kanamenya, mpira unangogubuduka pang'ono, koma makolo onse anaimirira. Tsiku limenelo ndinati Mulungu wandilerera mwana. Dzanja limenelo ndi limene ukufuna kuliwononga?

Bambo ako anali ndi dzanja labwino kuposa lako. Mipando ya kutchalitchi ija anakhoma ndi iwo, mpaka lero sinagwedere. Koma ukukumbuka zaka zomaliza zija, mmene kapu ya tiyi inkalirira pa sosala m'mawa, iwe n'kumawagwirira. Nawonso ankati ndi kamodzikamodzi, pa Loweruka pokha. Sindinenanso zambiri, unalipo.

Ndiye pali nkhani yoima pafupi. Umaima mamita ngati 10 kuchokera kwa womenya, ndipo lamulo limati mpira ukamenyedwa kochi azembe, asaukhudze, asatchinge ana ogwira. Ukakugunda, masewera amaima. Pambali pakopo pamaimanso mwana wa timu inayo amene amagwira malo a woponya. Munthu wolawa amazemba mochedwa, mwananga, ndipo akamadzandira amagwera aliyense ali pafupi. Tsiku lina udzagwera mwana wa munthu, ndipo ku America pepani yekha sathetsa mlandu.

Iwe wemwe unandiuza kuti a Little League, bungwe loyendetsa masewera a anawa, amafufuza mbiri ya kochi aliyense chaka ndi chaka, ndiponso kuti mowa ndi woletsedwa pabwalo lonselo. Unandiuza monyadira, kuti anakufufuza n'kukupeza ulibe banga. Nanga kholo limodzi likangonunkhiza n'kukanena? Kumeneko a kwathu mulipo ambiri, mu mzinda wa South Bend mokha nkhani imafika ku Lilongwe dzuwa lisanalowe. Komanso masewera akatha umanyamula ana m'galimoto, wako ndi a anzako. Apolisi akakuimika uli ndi ana a eni kumbuyo, mapepala ako aja unawavutikira zaka zonsezi adzakhala bwanji? Zimenezi ndi zimene zikundisowetsa tulo.

Mnzako amene amakudzazira kapuyo kumalo oimika magalimoto sindikumudziwa, ndipo sindikufuna kumudziwa. Iye saponya. Amakhala pa mpando wake wopinda n'kumaseka.

Sindikuti usiye ukochi, ayi. Masewerawo ndinawakonda, makamaka poti mwana aliyense amamenya nawo, waluso ndi wosadziwa yemwe, ndipo timu ikagoletsa 5 amasinthana kuti anzawo asachite manyazi. Anthu amene anakonza malamulo otere anaganizira ana. Iwe ungowonjezapo chimodzi, upite pabwalo m'kamwa muli bwino. Mipira 5 yokha, mwananga, ndipo yonse ikuchokera m'dzanja lako.

Ndalama za feteleza ndinalandira, zikomo. Mlongo wako akuti nsapato zija zinachepa. Undiimbire Lamulungu ndikatuluka m'tchalitchi, uli wekha, osati uli pa msewu. Umuuze mdzukulu wanga anditumizire kanema akumenya, ndikufuna ndionenso woponyayo.

Ndine mayi ako.