Za agulugufe a pa sitetasi aja

Aise,

Kuno tonse tili bwino, mvula yagwira ndipo chimanga chafika m'mawondo, kaya iwe ndi alamu kumeneko ku Joni. Unandifunsa kuti zithunzi za agulugufe ndikumaika pa sitetasi zija ndikumazitenga kuti, ndati ndingokulembera chifukwa pa voice note bandulo ingathere panjira.

Ndikumajambula ndekha, pa foni yomwe ija. Tili ndi kagulu kathu kuno ku Zomba, muli aphunzitsi, ana asukulu a ma wildlife club, ngakhale mayi wina wogulitsa masitiroberi panjira ya Ku Chawe analowa ndipo maso ake ndi akuthwa kuposa tonsefe. Loweruka timakwera phiri, timazungulira damu la Mulunguzi mpaka ku Williams Falls. Pamafunika kulawirira. Gulugufe sauluka bwino thupi lisanatenthe ndiye m'mawa amangokhala pa tsamba mapiko atatambasula kuothera dzuwa, apo ndi pomwe umamujambula bwinobwino, koma ikangokwana cha m'ma 10 iwalako, ungothamanga naye mpaka kugwera mu lunguzi. Ndipo chithunzithunzi chako chisamugwere, amathawa pompo.

Pamchenga wonyowa m'mbali mwa mtsinje amaunjikana gulu, ambiri amakhala amphongo, amayamwa mchere wa m'dothi. Aja akuluakulu amphamvu otchedwa Charaxes maluwa alibe nawo ntchito kwenikweni, amafuna zowola. Timawakanyira nthochi zovunda ndi masese tikapaka pa mtengo, amamwa mpaka kuledzera moti foni umaifikitsa pafupi osasuntha. Pandowe ndi pa manyi a anyani amateraponso, ndiye ukaona munthu wamkulu ndi ndevu zake wagwada pa ndowe akujambula usadabwe, ndi ife.

Koma nkhani yomwe yandigwira mtima ndi ya uja wofiirira wa nsonga zakuda ndi madontho oyera, amene timamuona paliponse ngakhale kuseri kwa nyumba. Dzina lake ndi Danaus chrysippus. Mbozi yake imadya zomera za mkaka woyera zija zomwe zili ndi poizoni, poizoniyo amakhalabe m'thupi mpaka atasanduka gulugufe, ndiye mbalame ikamudya kamodzi imasanza siibwerezanso. N'chifukwa chake amauluka pang'onopang'ono mwamatama, sakuopa kanthu. Tsono pali wina, Hypolimnas misippus, iyeyu alibe poizoni olo pang'ono koma wamkazi wake anatengera mtundu wa mnzakeyo ndendende kuti mbalame zizimuopa, pomwe wamphongo ndi wakuda wa mawanga oyera akuluakulu, sungaganize kuti ndi banja limodzi. Pagulu pathu timakangana koopsa pa awiriwa, wina akuti ndi uyu wina akuti ndi uyo, mpaka tizume chithunzi.

Mbozi zija zimadya masamba a mandimu ndi malalanje, zikakhala zazing'ono zimaoneka ngati zitosi za mbalame, ukazikhudza zimatulutsa tinyanga tonunkha, ndi ana a Papilio demodocus, wamkulu wakuda wa madontho achikasu uja. Mayi akunyumba amafuna kupopera mankhwala, tagwirizana kuti mtengo umodzi tiusiye.

Zithunzi zonse timaika pa app yotchedwa iNaturalist, ndi ya ulele. Foni imalemba yokha tsiku ndi malo, kenako anthu odziwa za tizilombo ochokera maiko ena amabwera kudzatsimikiza dzina, ambiri akagwirizana chimalembedwa Research Grade ndipo asayansi atha kuchigwiritsa ntchito. Ine apa ndi pomwe ndimaonera kuti sitikungosewera. Ukatsegula mapu ake South Africa yadzaza madontho, kwathu kuno ndi apo ndi apo, pamene phirili mbali zina mitengo ikutha ndi makala ndi moto wolusa chaka ndi chaka. Anthu amatiseka kuti tasowa chochita, ena amafunsa kuti azungu akutilipira zingati, koma gulugufe wina akadzasowa m'phiri muno umboni woti analipo ukhala zithunzi zomwezi.

Tsono iwe ndikutume. Pakati pa Disembala ndi Januwale kumeneko kumadutsa agulugufe oyera ambirimbiri, Belenois aurota, mapiko ake kunsi ali ndi mizere yofiirira. Amachokera mbali za Kalahari ndi Northern Cape kulowera kumpoto chakum'mawa cha ku Mozambique, ndipo Johannesburg ali panjira pawo penipeni, mwina unawaonapo pa windo la basi osalabadira. Ukawaona dikira mmodzi atere pa duwa, ujambule atatseka mapiko komanso atatsegula, location ya foni ikhale yoyatsa. Dawunilodi app ija unditumizire dzina lomwe walembetsa ndikupeze, ana asukulu aja akufuna kuona ngati ali ofanana ndi oyera omwe timawaona kuno.

Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako wa ku Zomba