Kalata kwa mwana wanga: za nyumba yoyandikana ndi ya alendi ija

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, iwe, apongozi anga ndi adzukulu anga. Ife kuno tili bwino, kungoti mwendo wa amayi ako uja umawavutabe kukazizira.

Ndaganiza zolemba kalata chifukwa pa foni paja nkhani sinathe. Unkalankhula mothamanga, ine n'kumangoti "eya, eya," koma titatsazikana tulo sindinatione msanga. Ukuti nyumbayo mwaikonda, zipinda n'zokwanira, ana sadzayenda mtunda wautali popita kusukulu, ndipo banki yavomera kukubwerekani ndalama. Chimene chikukubwezani m'mbuyo ndi nyumba ya pafupiyo, imene mukukhala anthu osiyanasiyana, aliyense chipinda chake, khitchini ndi bafa n'zogawana. Apongozi akuopa phokoso ndi nkhope zachilendo tsiku ndi tsiku. Iwe ukuopa kuti mukazengereza, wina aigula. Onsewa ndi mantha oyenera, ndipo sindikupeputsa a wina aliyense.

Ndiyambe ndi kukukumbutsa chinthu chimene sungachikumbuke wekha. Iweyo unabadwira m'nyumba yotereyo. Ine ndi amayi ako tinali ndi chipinda chimodzi, zitseko zina zisanu ndi chimodzi zinali za anthu ena. Munali namwino wogwira ntchito usiku, anyamata awiri ophunzira, mayi wina wosoka zovala. Tsiku lina thupi lako litatentha pakati pa usiku, amene anathamanga kukafuna galimoto ndi mmodzi mwa anyamata aja, wopanda ngakhale nsapato. Choncho usamve mawu oti "alendi" n'kuganiza kuti ndi mtundu wina wa anthu. Ambiri ndi anthu amene akuyamba moyo, ngati mmene tinayambira ife.

Komabe ndisakubisire: nyumba imene tinkakhalamoyo inkasowetsa mtendere banja loyandikana nalo. Mwini wake tinkamuona pakutha pa mwezi basi, kudzatenga lendi. Thanki ya zonyansa itadzaza tinamuuza kangapo, iye ankangoti abwera, mpaka madzi ake anadutsa pansi pa mpanda n'kukalowa pabwalo la anzathuwo, pamene ana awo ankasewerera. Pa zinyalala panalibe dongosolo, ndipo anawonjezera zipinda ziwiri kuseri osawonjezera chimbudzi. Ife tinkachita manyazi tikamakumana ndi banja lija, koma tinalibe mphamvu yokonza nyumba ya mwini. Ndi pamene ndinaphunzira kuti khalidwe la nyumba ya lendi limatsata mwini wake.

Taganizira izi. Ngongole imene mukutengayo mudzaibweza zaka 15 kapena 20. Anthu amene mwawaona pakhonde lija mwina chaka chamawa sadzakhalapo. Adzabwera ena, kenako enanso. Ngakhale lero mutapeza kuti onse ndi ofatsa, zimenezo sizikukuuzani za mawa, ndipo mutapeza mmodzi waphokoso, nayenso ndi wodutsa. Amene adzakhalepo zaka zonsezo ndi landilodi, khoma, ndi mmene nthaka yatsetserekera. Nthawi yako yochuluka uithere pa zimenezi.

Umufunefune landilodiyo, ukumane naye maso ndi maso. Umufunse kuti m'nyumbamo mumakhala anthu angati, ngati amalemberana nawo mgwirizano, ngati ali ndi maganizo owonjezera zipinda, ndiponso kuti kukachitika vuto usiku mungaimbire ndani. Usamvetsere mayankho okha, uone mmene akuwayankhira. Munthu wosamala nyumba yake amakupatsa nambala yake mosavuta, chifukwa nayenso amafuna mnansi woti azimuuza zinthu zikayamba kuwonongeka. Akamazemba, kapena palibe amene akudziwa kumene amakhala, umenewo ndi uthenga wokwanira. Ukatero ucheze ndi alendi eni akewo mwaulemu. Funso limodzi lokha likuuza zambiri: mpopi ukawonongeka, amatenga masiku angati kuti aukonze? Upitenso kwa anthu okhalitsa pamalopo, makamaka a nyumba yoyang'anana nayo, amene amaona zonse koma alibe chopindula pa malondawa. Ejenti usamudalire pa nkhani iyi. Si kuti ndi wabodza, koma amalandira zake pokhapokha nyumba ikagulidwa. Ndipo wogulitsayo umufunse mosapita m'mbali kuti akusamukiranji. Paja amati safunsa anadya phula.

Tsopano ndilankhule ngati mmisiri, chifukwa zaka zonse zimene ndakhala ndi njerwa m'manja zandionetsa zinthu zimene wogula saziona. Sunandiuze ngati nyumba ziwirizo zagawana khoma limodzi kapena pali mpata pakati. Ngati khoma ndi limodzi, udziwe kukhuthala kwake. Khoma la mzere umodzi wa njerwa limakhala pafupifupi masentimita 11, la mizere iwiri pafupifupi masentimita 23, osawerengera pulasitala. Lopyapyalalo limadutsa mawu ngati kuti munthu ali m'chipinda chako, makamaka kugunda kwa nyimbo ndi zitseko. Koma chachikulu chili pamwamba. Utenge tochi, ukwere mu siling'i, uone ngati khomalo lafika mpaka kudenga. Ndaona nyumba zambiri zimene khoma logawana limathera pa siling'i, pamwamba pake n'kukhala chibowo chimodzi kuchokera mbali ino kufika mbali inayo. Pamenepo pamadutsa mawu, utsi, makoswe, ngakhale munthu, ndipo moto ukabuka uko umafika kwanu musanadzuke. Kutseka mpata umenewu ndi ntchito yotheka, koma uyenera kuidziwa usanasaine, kuti ilowe m'zokambirana za mtengo.

Za moto ndikuzinena chifukwa m'nyumba yogawana aliyense amakhala ndi ketulo yake, ayironi yake, kachitofu kake m'chipinda. Ketulo imodzi yokha imakoka pafupifupi mawatsi 2,000, ndiye taganizira zisanu zikayatsidwa m'mawa umodzi pa mawaya amene anaikira banja limodzi. Ukaona zingwe zamagetsi zikutulukira pa zenera kupita ku chipinda china, dziwa kuti nyumbayo yadutsa muyezo wake. A inshulansi nawonso uwauze zoona za nyumba yoyandikana nayoyo kuyambira pachiyambi.

Ngati pali mpata ndi mpanda pakati, nkhani ya phokoso yapepukako. Ungoona kuti mazenera awo ayang'ana chipinda chiti cha kwanu, ndipo malo amene amachezera madzulo ali pati.

Madzi ndiwo amandidetsa nkhawa kuposa phokoso, chifukwa phokoso limatha munthu akagona, pamene madzi amagwira ntchito usana ndi usiku. Thanki ya zonyansa amaikumba moyerekeza chiwerengero cha anthu. Imene anakumbira banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi ikamatumikira khumi ndi awiri, imadzaza msanga, dzenje lomwera madzi limakhuta, ndipo madziwo amafuna kolowera. Uyende m'mbali mwa mpanda pang'onopang'ono. Ukaona udzu wobiriwira pamalo amodzi nthawi yachilimwe, nthaka yonyowa kopanda mvula, pulasitala wofutukuka m'munsi mwa khoma kapena zoyera ngati mchere pa njerwa, pamenepo pali madzi. Uone kuti malo okwera ndi ati: ngati nyumba ya alendiyo ili kumtunda, zonse za m'bafa ndi zochapira zimene zasowa ngalande zidzatsikira kwa inu, ndipo maziko amadyeka mwakachetechete. Kukagwa mvula yamphamvu, siya zimene ukuchita upite ukaone mmene madzi akuyendera. Ngati pamalopo pali chitsime, chimbudzi chokumba chiyenera kutalikirana nacho mamita osachepera 30. Ufunsenso ngati nyumba ziwirizo zili pa paipi imodzi yotaya zonyansa kapena mita imodzi ya madzi, zimene zimachitika kawirikawiri pamene malo anali amodzi kenako n'kugawidwa. Paipi yogawana ikatsekeka, mkangano wa amene alipire sutha.

Malire nawo usawakhulupirire chifukwa choti pali mpanda. Mpanda umamangidwa pamene womanga anafuna, osati nthawi zonse pamene mapepala akunena. Ulipire saveya akuonetse mabikoni, zizindikiro zosonyeza malire a malowo, ndipo loya aone chikalata cha umwini, makamaka ngati pali njira kapena geti imene a nyumba inayo ali ndi ufulu wodutsapo. Ku khonsolo ukafunse ngati zipinda zonse za nyumba ya alendiyo zinamangidwa ndi pulani yovomerezeka, komanso kumene munthu amakadandaula za phokoso ndi zinyalala. Ndalama za saveya ndi loya zimapweteka pozitulutsa, koma n'zochepa poyerekeza ndi mlandu wa malire.

Nyumbayo mwaiona masana, pakati pa sabata, aliyense ali kuntchito. Mupitenso Lachisanu usiku, mupitenso mwezi ukangotha anthu atalandira, ndiponso m'mawa kwambiri pamene akukonzekera kunyamuka. Mukapemphe kulowa m'chipinda chimene mukufuna chikhale cha ana, mutseke zenera, mukhale chete kwa kanthawi. Muone pamene magalimoto ndi njinga zamoto zimaimikidwa, ngati sizikutseka geti yanu. Ulendo umenewu usapite wekha n'kukawafotokozera apongozi. Apite adzionere, adzimvere okha. Sindikufuna kuti tsiku lina phokoso likadzamveka, m'nyumba mwanu mudzamveke mawu oti "ndinanena ine." Ngati pambuyo poona zonse mtima wawo ukukanabe, usawakakamize, chifukwa nyumbayo ndi yawonso, ngongolenso ndi yawo.

Pa nkhani ya ana, nkhawa ya apongozi ndikuimvetsa bwino. Geti yotsekeka bwino, mpanda wosaonekera, nyale ya panja ndi lamulo loti mwana salowa m'chipinda cha munthu aliyense popanda kholo, zimenezi muyenera kukhala nazo kulikonse kumene mungakhale. Ndikuuzenso kuti nyumba yokhala anthu ambiri ili ndi ubwino wake: nthawi zawo zantchito zimasiyana, ndiye sikawirikawiri kukhala yopanda munthu, ndipo wakuba sakonda malo a maso ambiri. Koma masowo amakuthandizani ngati mumapatsana moni ndi kudziwana maina.

Chomaliza ndi mtengo. Kukayika kumene muli nako, wodzagula kwa inu mtsogolo adzakhalanso nako, ndipo nyumbayo ikhoza kutenga nthawi kuti igulidwe. Mwina n'chifukwa chake mtengo wake waoneka wofewa. Usachite manyazi kunena zimenezi kwa wogulitsa ndi kupempha kuti atsitse, kuti ndalama yotsalayo ipite ku mpanda ndi kukonza khoma.

Maganizo anga ndi awa. Landilodi akapezeka n'kukhala munthu womva, khoma likakhala lofika kudenga kapena lokonzeka, madzi akakhala kuti sakutsikira kwa inu, gulani, ndipo ine ndidzasangalala nanu. Landilodi akakhala wosaoneka ndipo m'mbali mwa mpanda mukununkha, isiyeni ngakhale mwaikonda chotani, mupitirize kufuna ina.

Uwapemphe ogulitsa nyumbayo akupatseni milungu iwiri musanalipire kalikonse. Undiuze tsiku, ndibwera ndi tochi, tepi yoyezera ndi levulo yanga, tikakwere mu siling'imo limodzi. Amayi ako akuti uwapatse moni apongozi ndi ana, ndipo akufuna uwatumizire zithunzi za kuseri kwa nyumbayo, osati za kumaso zokha.

Ndine bambo ako okukonda.