Nyumba zatsopano zisatilande poyenda

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndidandaule m'malo mwa ife oyenda pansi mumzinda wa Lilongwe. Ndimakhala ku Mchesi ndipo tsiku ndi tsiku ndimapita kuntchito ku Old Town wapansi. M'njira yanga muli nyumba yatsopano yosanja katatu, pansi mashopu, pamwamba maofesi. Kukongola ndi yokongola ndithu, ndipo achinyamata angapo apezapo ntchito. Koma chikumbireni maziko ake, ife tasanduka alendo pamsewu umenewu.

Nthawi yomanga anatchinga malata mpaka m'mphepete mwa phula, mchenga, kwale ndi njerwa n'kuthira pakanjira kathu. Tinapirira poganiza kuti akamaliza achotsa. Malata anachotsadi, koma kanjira sikanabwerere. Kutsogolo kwa chinyumba chonsecho malo oimika magalimoto sakwana khumi. A m'maofesi amalawirira n'kudzaza malowo, ndiye makasitomala akafika amangokwera pakanjira, matayala awiri pasimenti, awiri paphula. Lole yobweretsa katundu ilibe potsitsira pake, imaima pamsewu pomwepo. Kumbuyo kwake minibasi ikutsitsa anthu, a kabaza akulowerera paliponse pamene aona kampata, mahutala ali pii pii mpaka mutu kupweteka.

Sabata yatha ndinaona zondimvetsa chisoni. Mayi wina, mwana kumsana, beseni la tomato pamutu, anafika pamalopo. Kumanzere ngalande yosavindikira, kutsogolo galimoto. Akanatani? Anatsikira mumsewu. Njinga yamoto inamugunda chigongono, beseni gwaa, tomato mbwee paphula, minibasi n'kudutsa pomwepo. Mayiyo sanayang'ane n'komwe tomato wake. Anamasula chitenje manja akunjenjemera kuti aone mwana. Mwamwayi mwana sanavulale, koma mpamba wonse unathera pamenepo, ndipo mwini galimoto atatuluka mushopu anangolowa n'kumapita. Chichokereni tsikulo ndimaganizira ana asukulu amene amadutsa pomwepo masana, komanso abale athu oyenda pa njinga za olumala, amene sangathe kulumpha ngalande.

Mzindawu ukukula, ndipo palibe angauletse. Likulu linasamuka ku Zomba kubwera kuno mu 1975, ndipo pa kalembera wa 2018 tinapezeka tilimo anthu 989,318. Taona msewu wodutsa pamwamba pa unzake ku Area 18, taona msewu wa Kenyatta ukukuzidwa kuti magalimoto aziyenda m'mizere isanu ndi umodzi. Zonsezi nzabwino. Koma misewu yaing'ono ya ku Old Town idakali ndi msinkhu wake wakale, ndipo nyumba iliyonse yosanja imene yamera m'mbali mwake imabwera ndi magalimoto ake, malole ake ndi alendo ake. Womanga akadzaza poloti yonse ndi mashopu kuti lendi ichuluke, magalimoto amene wasowetsa malo aja satha ayi, amakhala pamene ife timaponda. Phindu ndi lake, ngozi ndi yathu.

Lamulo la 2016 loona za mapulani a malo limafuna kuti munthu apeze chilolezo asanamange. Ndikupempha amene amasaina zilolezozo kuti asamangowerenga zipinda ndi makulidwe a zipilala. Azifunsanso kuti magalimoto a anthu obwera muno adzaima pati, lole idzatsitsira pati, wapansi adzadutsa pati. Yankho likhale mkati mwa poloti ya mwini nyumba, kaya kuseri kaya kunsi kwa nyumbayo. Ngati yankho palibe, pulani ibwerere. Ndipo asanapereke chilolezo chotsegulira, munthu anyamuke pa desiki akaone ndi maso ngati zomwe zinajambulidwa ndi zomwe zamangidwa.

Kwa nyumba zomangidwa kale, sitikupempha zodula. Timizati tasimenti m'mphepete mwa kanjira tingaletse galimoto kukwerapo. Ngalande ivindikiridwe, pajambulidwe mizere yowolokera, ndipo malole azitsitsa katundu m'mamawa kapena madzulo msewu utapepuka. Mvula ikayamba ngalande ija idzadzadza madzi osaoneka pothera, ana asukulu adzidzadutsabe pomwepo. Chonde ntchitoyi ichitike mvula isanagwe.

Woyenda pansi,
Mchesi, Lilongwe