Ku America kuletsa mowa kunalemeretsa zigawenga

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pang'ono, poti ena akumati boma lingoletsa mowa basi mavuto atha. Ku America anayesapo zimenezo, kuyambira Januwale 1920 mpaka Disembala 1933 kufulula ndi kugulitsa mowa unali mlandu koma anthu sanasiye kumwa ayi, bizinesi yonse inangogwera m'manja mwa zigawenga.

Ku Chicago kunali mkulu wina Al Capone, mowa wina ankaulowetsa mozemba kuchokera ku Canada wina akufulula konko, mabala obisika mbwee, munthu umagogoda pachitseko akusuzumire kaye pakabowo ndiye akutsegulire. Apolisi ankangolandira kangachepe n'kuyang'ana kumbali, andale ndi oweruza ena chimodzimodzi, nde ukadandaula kwa ndani? Pa 14 Febuluwale 1929 anthu 7 anawomberedwa ataimikidwa kukhoma mu galaja ina polimbirana msika, ena mwa owomberawo atavala yunifomu ya polisi. Chondiseketsa ine, Capone anadzamangidwa mu 1931 chifukwa chozemba msonkho, osati kupha anthu!

Kunonso paja ataletsa masacheti mowa uja unangosamukira m'timabotolo, ana omwe aja akumwabe.

Wowerenga wanu,
Zomba